Mayi amene zikope zake zinkagwa masana

Ndinalowa nawo maphunziro aja chifukwa cha mapointi, osati chifukwa cha njala yofuna kudziwa. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezo. Ife ogwira ntchito zachipatala chiphaso chathu chimafunika kuchikonzanso, ndipo kuti achikonze uyenera kusonyeza kuti wakhala ukuphunzirabe. Phunziro lililonse limene wakhalapo lili ndi mapointi ake. Chaka chimenecho anga anali operewera, ndiye mnzanga wina wa ku Nathenje atandiuza kuti kuli maphunziro a pafoni Lachinayi lililonse masana, okhudza matenda a ubongo ndi mitsempha, ndinamuuza kuti andilowetse m'gulumo.

Ine ndine kilinikolo ofesa. Odwala amanditchula kuti adokotala, ndipo ndinasiya kalekale kuwauza kusiyana kwake. Nthawi imeneyo ndinali nditagwira ntchito zaka zoposa makumi awiri, zambiri mwa izo pachipatala chaching'ono chapakati pa Mitundu ndi Nathenje. Matenda a kwathu kuno ndinkawadziwa ngati njira ya kuchitsime: malungo, kutsegula m'mimba, chifuwa, mabala a khasu, ndi odwala khunyu amene ankabwera kudzatenga mapiritsi awo kamodzi pamwezi. Ndinkaona munthu akulowa pakhomo, ndisanamufunse n'komwe, dzanja langa litayamba kale kulemba.

Maphunzirowo sanakonzedwere anthu ngati ine. Anali a madokotala a ubongo eniakewo, amene m'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nafe ndi owerengeka kwambiri, kuti azikumana ndi aphunzitsi awo a kutali, azikambirana za odwala ovuta ndi kumva zatsopano. Amene anatitsegulira khomo ifeyo anali adokotala ena achizimayi a pachipatala chachikulu cha mumzinda. Iwo ananena kuti odwala ambiri safika kwa iwo, amathera m'manja mwathu, choncho nafenso tizimvera nawo.

Pachipatala pathu netiweki imagwira bwino malo amodzi okha, pansi pa thanki yamadzi kuseri kwa chipinda cha amayi oyembekezera. Ndinaikapo njerwa ziwiri zokhalapo. Ikakwana nthawi ndinkatseka chitseko, kuuza odwala kuti ndikubwera, n'kupita kukakhala pamenepo ndi foni ndi chinangwa changa chophika. Masabata oyambirira ndinkangodikira kuti atchule dzina langa poitana opezekapo. Zambiri zimene ankakamba zinali za makina ojambula ubongo ndi zoyeza magazi zimene ine sindinazionepo ndi maso. Mphunzitsi ankaonetsa chithunzi, n'kunena kuti apa mukuona bwinobwino, koma pafoni yanga panali potuwa chabe. Kawiri konse ndinagona nditatsamira mzati wa thankiyo.

Mayi amene ndikufuna kusimba za iye anabwera koyamba mu Januwale, mvula ili pakati. Anali wa zaka za m'ma makumi atatu, mkazi wa tenanti pa esiteti ina ya fodya chakufupi ndi Nathenje. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo ana awo awiri anawasiya komweko ndi achibale chifukwa cha sukulu. Anandiuza kuti thupi limamufooka, maso amamulemera, ndipo nthawi zina chinthu chimodzi amachiona pawiri. Ndinamuyang'ana. Maso anali otseguka bwinobwino, ankayenda yekha, manja ankandigwira mwamphamvu. Ndinamuyeza malungo, sanapezeke. Ndinamupatsa mapiritsi owonjezera magazi n'kumuuza kuti azipuma.

Anabweranso mu Febuluwale. Ulendo uno anati nsagwada zimatopa. Akayamba kudya chimanga chowotcha amalekera pakati, osati chifukwa chokhuta koma chifukwa kutafuna kwamukanika. Anatinso kutchalitchi anasiya kuimba kwaya, popeza akafika ndime yachiwiri mawu amayamba kutulukira m'mphuno ndipo anzake amamuyang'ana. Ndinamuyang'ana m'kamwa, ndinamuyeza zonse zimene timatha kuyeza pachipatala pathu, ndipo zonse zinali bwino. Ndinamuonjezera mavitamini.

Ulendo wachitatu, mu Malichi, anabwera ndi mwamuna wake. Bamboyo anali wamfupi, wa manja akuda ndi utomoni wa fodya, ndipo analankhula ndi iyeyo pomwe mkazi wake anangowerama. Anati nthawi yosoka fodya yafika, koma mayiwa akangoti asoke pang'ono dzuwa likapendeka singano imawagwa m'manja, n'kupita kukagona. Kapitawo wayamba kulankhula. Anzawo a m'makomboni akuti ndi ulesi, ena akuti ndi za anthu. Anapita nawo kumapemphero, osasintha. Iye ankafuna kumva kwa ine ngati mkazi wake akudwaladi.

Panja panali mzere wautali, ndipo mwana wina ankakomoka ndi malungo. Ndinamuyang'ananso mayiyo mofulumira. Anali ngati mmene ndinamuonera maulendo awiri aja.

"Mayi," ndinatero, "ine matenda sindikuwaona."

M'buku lake la kuchipatala ndinalemba kuti ndi kutopa. Bamboyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera, anatenga bukulo, n'kutuluka ali patsogolo. Mayiyo ananditsanzika mwaulemu.

Sindinamuganizirenso mpaka Lachinayi lina la mu Epulo. Tsiku limenelo mphunzitsi wa kutali analephera kulowa, ndiye adokotala a ubongo a mumzinda aja anati aphunzitsa okha. Anati sakamba za makina, akamba za zimene munthu angapeze ndi maso, manja ndi mafunso. Anasankha matenda otchedwa myasthenia. Anafotokoza kuti pamatendawa uthenga wochokera ku mtsempha umavutika kufika ku mnofu, ndipo mnofuwo ukamagwira ntchito umanka nufooka, koma ukapuma mphamvu zimabwerera. Wodwala amadzuka ali bwino. Dzuwa likamapendeka zikope zimagwa, amaona pawiri, nsagwada zimatopa, mawu amatulukira m'mphuno. Anawonjezera kuti odwala otere nthawi zambiri amanenedwa kuti ndi aulesi, chifukwa kuchipatala amafika m'mawa, atapuma usiku wonse ndi kukhala pansi pamzere.

Ndinasiya kutafuna chinangwa. Mayi uja maulendo onse atatu ndinamuona isanakwane teni koloko. Anthu a kutali amalawirira kuti akhale patsogolo pamzere.

Adokotalawo anapitiriza. Anati pali kayezedwe kosafuna magetsi: uuze wodwala ayang'ane kumwamba kwa kanthawi osaphethira kwambiri, uona chikope chikutsika chokha. Kenako umuike chinthu choundana pachikope kwa mphindi ziwiri. Ngati ndi matendawa, ukachotsa chikope chimatseguka. Anachenjezanso kuti minofu yopumira ndi yomezera nayo imatha kufooka, ndipo pamenepo munthu angafe, komanso kuti pali mankhwala ena amene timapereka tsiku ndi tsiku, makamaka ena ophera tizilombo, amene amawonjezera matendawa. Anawatchula amodziamodzi. Ndinawalemba pachikuto cha kope langa, ndikuyesa kukumbukira zimene ndinamupatsa mayiyo. Mwamwayi panalibe ngakhale amodzi.

Phunziro litatha sindinadikire kuti atchule dzina langa. Ndinapita kukatsegula kaundula wa odwala wa mwezi wa Malichi. Dzina ndinalipeza, ndi dzina la esiteti, koma nambala ya foni panalibe. Ndinafunsa mlangizi wathu wa zaumoyo, mayi wachikulire amene wayenda m'maesiteti onsewo ndi katemera kwa zaka zambiri. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti akuwadziwa, amakhala m'nyumba za kumapeto pafupi ndi dambo, koma wamva kuti bamboyo akufuna kumubweza mkazi wake kumudzi akangomaliza kusankha fodya. Tinapangana zopitako Loweruka.

Choundana ndiye chinandivuta. Mabotolo a ayisi a m'firiji ya katemera ndi aakulu ndi olimba, sangakhale bwino pachikope, ndipo anamwino oyang'anira katemera sakonda kuti munthu azitsegulatsegula firijiyo. Loweruka m'mawa ndinapita ku Mitundu pamsika, ndinagula mafilizesi anayi, zakumwa zoundana zija za m'timapepala tapulasitiki, n'kuwaika m'kabokosi konyamulira katemera kamene mlangiziyo anabwereka. Wogulitsa anandifunsa ngati ndikufuna ofiira kapena achikasu. Ndinati olimba kwambiri.

Tinanyamuka mochedwa dala kuti tikafike dzuwa litapendeka. Ine ndinkayendetsa njinga yamoto, mlangizi ali kumbuyo atafukata kabokosi. Mvula inali itatha, msewu wayamba fumbi, ndipo m'minda munatsala mitengo ya fodya yopanda masamba. Pa esiteti tinapeza anthu ali m'zigafa, atakhala pansi, akusankha fodya wouma. Bambo uja anatiwona patali, anaimirira, n'kubwera akupukuta manja pabuluku. Anandizindikira. Atamva kuti tabwera kudzaona mkazi wake anangotitsogolera.

Mayiyo tinamupeza atagona pamphasa kuseri kwa nyumba. Atadzuka kuti atilonjere, ndinaona munthu amene sindinamuonepo kuchipatala. Chikope chakumanja chinali chitatseka diso pafupifupi lonse, chakumanzere chitafika pakati. Kuti atione ankadzutsa chibwano n'kukweza nsidze. Anali ataonda. Moni wake unatuluka pang'onopang'ono, wodzera m'mphuno.

Ndinakhala pachitsa chimene anandipatsa. Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira, koma ndinanena ochepa.

"Mayi, ndinalakwitsa. Matenda munkanena aja alipo."

Mayiyo anayamba wasonkhanitsa mpweya.

"Ndinkadziwa kuti alipo, adokotala. Chimene chinkandisowa ndi njira yokuonetserani."

Ndinawafotokozera onse awiri zimene ndinkafuna kuchita, ndipo ndinapempha chilolezo chojambula nkhope yake pafoni kuti ndikaonetse adokotala aakulu. Mayiyo anavomera. Bamboyo anayang'ana kabokosi, ndipo nditatulutsamo filizesi wofiira anandiyang'ana ngati ndabwera kudzasewera nawo. Sindinamudzudzule. Ndinakulunga filizesiyo m'kansalu kopyapyala, ndinauza mayiyo atsinzine, n'kumuika pachikope chakumanja. Mlangizi ankawerenga nthawi pawotchi yake. Amayi awiri oyandikana nawo nyumba anabwera kudzaima chapatali, manja ali m'chiuno. Mphindi ziwiri ndi zazitali anthu akamakuyang'ana.

Nditachotsa ndinamuuza kuti atsegule maso. Diso lakumanja linatseguka lonse, kuposa linzake lija. Mayiyo anayang'ana ine, anayang'ana mwamuna wake, kenako anakweza dzanja kukhudza chikopecho. Mmodzi wa amayi aja anaitana mnzake wina kuti adzaone.

Bamboyo anandifunsa ngati amenewo ndiwo mankhwala ake. Ndinati ayi, chikopecho chigwanso posachedwa, ichi ndi choyezera chabe. Tinadikira, ndipo patapita kanthawi chinayambadi kutsika tonse tikuona. Bamboyo anakhala pansi pafupi ndi mphasa. Patapita nthawi ananena, osayang'ana munthu aliyense, kuti mwezi wathunthu wakhala akumudzutsa mkazi wake ndi mawu oipa. Ine ndinanena kuti amene anamuuza kuti palibe matenda ndine, choncho mlanduwo tigawane.

Filizesi uja anali atayamba kusungunuka, ndipo mayiyo anapempha kuti amwe. Ndinamulola. Atangomeza kawiri anatsamwa, madzi ofiira anatulukira m'mphuno, ndipo anatsokomola chifuwa chopanda mphamvu. Bamboyo anati zimenezi zayamba sabata ziwiri zapitazo, ndipo n'chifukwa chake akungodya phala. Apa m'pamene ndinachita mantha enieni. Ndinauza mayiyo kuti azidya m'mawa mphamvu zikadalipo, atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo akangomva kuti mpweya ukumuchepera asadikire munthu, athamangire kuchipatala.

Pa esitetipo netiweki panalibe. Tinapitirira mpaka ku Nathenje, ndipo ndinaima m'mbali mwa msewu waukulu pomwe maminibasi amaimira, n'kutumiza kanema uja kwa adokotala a ubongo ndi mawu ochepa ofotokoza. Sindinayambe ndawalemberapo ndekha, ndipo linali Loweruka. Ndinkaganiza kuti ayankha Lolemba. Tisananyamuke n'komwe foni inalira. Adokotalawo anandifunsa za kamezedwe ndi kapumidwe ka mayiyo, ngati ali woyembekezera, ndi mankhwala onse amene wamwa. Kenako anandiuza kuti ndisamuyambitse mankhwala alionse kwathu kuno, chifukwa ena mwa mankhwala a matendawa amayamba amufooketsa munthu asanamuthandize, ndipo zimenezo ziyenera kuchitikira pomwe pali zothandizira kupuma. Anati ndimutumize Lolemba m'mawa, asadikire tsiku lawo loonera odwala.

Kapitawo poyamba anakana kuti bamboyo achoke pakati pa ntchito yosankha fodya. Mlangizi wathu anabwererako Lamulungu atachoka kutchalitchi, ndipo sindikudziwa zimene anakambirana, koma Lolemba m'mawa ndinapeza bamboyo ndi mkazi wake pasiteji ya ku Nathenje, mayiyo atavala chitenje chatsopano, maso ali otseguka ngati munthu wabwinobwino. Ine ndinali nditapempha tsiku lopuma kuti ndiwaperekeze. Ndinkadziwa mmene pakhomo pa chipatala chachikulu pamakhalira: munthu wooneka bwino, wonyamula buku lolembedwa kuti ndi kutopa, akanatha kubwezedwa asanafike kumene ankapita.

Adokotala a ubongo ndinali ndisanawaonepo maso ndi maso. Mawu awo pafoni ankamveka ngati a munthu wamkulu, koma ndinapeza mayi wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, ali m'kachipinda kokhala ndi tebulo, bedi loyezera ndi mipando iwiri. Panja pake pabenchi panali anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana. Anamuyeza mayiyo mosafulumira. Anamuuza ayang'ane kudenga mpaka chikope chinayamba kutsika. Anamuuza atambasule manja ndi kuwasunga m'mwamba. Anamuuza akoke mpweya kamodzi n'kuwerenga manambala mpaka pomwe angathere, ndipo anathera pafupi. Chilichonse ankandiuza kuti ndichitenso ndekha iwo akuona, ndipo pomwe ndinalakwitsa kagwiridwe anandikonza dzanja pamaso pa wodwala, popanda kundichititsa manyazi. Buku la mayiyo analiwerenga masamba onse atatu amene ndinalemba. Atamaliza anangotembenuza tsamba latsopano.

Mayiyo anamugoneka tsiku lomwelo. Akumutengera kuwodi, ine ndi adokotalawo tinatsala kanthawi, ndipo ndinawauza kuti ndikuchita manyazi kuti ndagwira ntchito zaka zonsezi osadziwa chinthu chophweka chotere. Iwo anaseka pang'ono. Anati kumene anakaphunzira za ubongo, kunja, matendawa ankawatsimikiza ndi magazi ndi makina, ndipo za choundana anangozimva pongodutsa. Atabwerera kuno kwathu anapeza kuti theka la zimene anaphunzira alibe pozigwiritsira ntchito. Wodwala wawo woyamba wa matendawa anamusunga masabata angapo akudikira zotsatira za magazi zimene zinatumizidwa kunja, mpaka dokotala wina wachikulire wa dziko loyandikana nafe anawafunsa pamaphunziro omwe aja chifukwa chimene sanayesere ayisi.

"Inenso Lachinayi ndimakhala mwana wasukulu," anatero. "Ndilibe mnzanga wa ntchito imeneyi m'chipinda choyandikana nacho woti ndikamufunse. Ndikasiya kumvera, pakatha zaka zisanu ndidzakhala ndikuchiza anthu ndi nzeru zakale osadziwa."

Kenako anandipempha kuti nkhani ya mayiyu ndikaifotokoze ndekha pamaphunziro, kuyambira ulendo woyamba, osabisa dzina la matenda amene ndinalemba m'buku. Ndinayesa kukana. Ndinati Chingerezi changa ndi cha m'kaundula, ndipo omvera ndi maprofesa. Iwo anati maprofesawo sanaonepo mzere wa odwala wa pachipatala ngati chathu, ndipo akufunika kumva mmene wodwala wotere amaphonyekera.

Ndinakonzekera masabata awiri. Ndinalemba zonse m'kope, ndipo mkazi wanga, amene ndi mphunzitsi wa kupulayimale, anandimvetsera katatu n'kundichotsera mawu amene ndinkapunthwa nawo. Mayi uja ndinamupemphanso chilolezo choonetsa kanema, maso okha osati nkhope yonse, ndipo anati ngati zithandiza wina aonetseni. Tsikulo ndinakhala panjerwa zanga nditavala tayi, ngakhale kuti pafoni pankaoneka mutu wokha. Ndinafotokoza za maulendo atatu, za mawu amene ndinanena pamaso pa mwamuna wake, za mafilizesi. Nditafika pa kanema netiweki inathawa. Ndinazungulira thanki yonse foni ili m'mwamba, ndipo itabwerera ndinapeza adokotala a ubongo akuonetsa kanemayo m'malo mwanga.

Mafunso anali ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Mphunzitsi wina wa kutali anafunsa kuti ndimaona odwala angati patsiku ndipo aliyense ndimakhala naye nthawi yaitali bwanji. Nditamuuza anati zimene amaphunzitsa za kayezedwe ka mitsempha zimafuna theka la ola, ndiye akaganizenso zoti asankhemo zochepa zotheka pamphindi zitatu. Patapita mwezi anabweradi ndi phunziro limenelo, ndipo ndi limene ndimagwiritsa ntchito mpaka lero. Kilinikolo ofesa wina wa kuchigawo chakummwera, amene anali asanalankhulepo chiyambire, anatsegula maikolofoni n'kunena kuti zaka zapitazo anali ndi mphunzitsi wina wa sukulu amene mawu ankamuthera pakati pa phunziro, ndipo anamutumiza kwa a matenda a maganizo. Sanadziwe kuti zinamuthera bwanji.

Mayiyo anakhala m'chipatala pafupifupi masabata atatu. Masiku oyambirira anafookadi monga ananenera adokotala, ndipo kwa masiku angapo ankadyera m'chubu chodzera m'mphuno. Mwamuna wake anabwerera ku esiteti, koma Lamulungu lililonse ankapita kukamuona. Mayiyo atatuluka ndinkamuona ine kamodzi pamasabata awiri, nthawi ya masana, ndipo zimene ndapeza ndinkazitumiza kwa adokotala a ubongo, iwo n'kundiuza kuti mapiritsi tichepetse kapena tisiye pomwepo. Mankhwala anali a mitundu iwiri. Ena ankapezeka pachipatala pathu. Enawo, amene amabweza mphamvu mofulumira, ankapezeka mumzinda mokha, ndipo nthawi zina ankasowa ngakhale kumeneko. Mwezi umene anasowa chikope chinayambanso kugwa, koma kumeza kunakhalabe bwino.

Sanachiriretu, ndipo ndinamuuza kuyambira pachiyambi kuti matendawa ndi okhala nawo. Nkhope inamutupa pang'ono chifukwa cha mapiritsi, zimene iye sanazikonde. Koma pofika mu Julaye ankatunga madzi yekha, ankadya chilichonse, ndipo anandiuza kuti wabwerera kukwaya, kungoti amaima kumbuyo ndipo nyimbo zazitali amapumira pakati. Ntchito zolemetsa anaphunzira kuzigwira m'mawa. Pachikuto cha buku lake ndinalembapo ndi zilembo zazikulu dzina la matenda ndi mndandanda wa mankhwala oti asapatsidwe, ndipo ndinamuuza kuti aliyense womulembera mankhwala azimuonetsa pamenepo asanayambe kulemba.

Ine ndinayamba kuona matendawa paliponse. Aliyense wonena kuti watopa ndinkamuuza ayang'ane kudenga. Anthu angapo ndinawaika choundana pachikope, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene chinatseguka. Bambo wina wa ku Malingunde amene ndinamutumiza mumzinda ndili wotsimikiza anapezeka ndi matenda a shuga amene anawononga mtsempha wa diso. Adokotala a ubongo anandiimbira n'kundiuza kuti ndinachita bwino kumutumiza, koma ndinaiwala kumuyang'ana kamwana ka diso ndi kumuyeza shuga, zimene ndikanatha kuchita ndekha. Anandiuzanso kuti matenda a mayi uja ndi osowa, ndipo mwina sindidzakumana nawonso kawiri, pomwe odwala khunyu ndi ofa ziwalo ndili nawo sabata iliyonse. Kuyambira pamenepo ndinayamba kumvetsera kwambiri maphunziro a matenda amenewo, ndipo ndinapeza kuti ngakhale pa matenda a khunyu, amene ndinkati ndimawadziwa, panali odwala anga ena amene ndinkawapatsa mlingo wosakwanira kwa zaka.

Fodya atagulitsidwa, mu Ogasiti, banja lija linaganiza zobwerera ku Phalombe. Anadzanditsanzika onse awiri, atanyamula nkhuku, ndipo ndinailandira. Ndinawalembera kalata yofotokoza zonse, koma ndinkadziwa kuti kalata yokha imatha kuthera pansi pa mulu wa mapepala. Ndiye ndinaimbira kilinikolo ofesa wa kummwera uja, amene analankhula za mphunzitsi wa sukulu. Chipatala chake sichinali pafupi kwenikweni ndi mudzi wawo, koma minibasi imodzi inkafikako. Anavomera ndisanamalize kupempha.

Ndi iyeyo amene amandiuza za mayiyo tsopano. Chaka chotsatira mayiyo anadwala chibayo n'kufooka kwambiri, ndipo anapita kuchipatala china chapafupi kumene sankamudziwa. Namwino atatenga jakisoni, mayiyo, mawu akumukanika, anamugwira dzanja n'kumulozera pachikuto cha buku. Anamusinthira mankhwala, ndipo anachira. Mwamuna wake anapita yekha kukagwira utenanti ku Kasungu, chifukwa anagwirizana kuti mayiyo asamatalikirane ndi chipatala chimene chikumudziwa. Mayiyo amakhala ndi ana, amalima nandolo pakamunda ka pafupi ndi nyumba, ndipo masiku a msika amagulitsa tomato mpaka cha m'ma leveni koloko, kenako amasiyira mchemwali wake n'kupita kukapuma.